Kuona Maso a Nkhono pa Msika wa Tsukiji

Mphunzitsi wina wa ku Japan, mmodzi mwa anthu ogwira ntchito mongodzipereka amene dziko lawo lakhala likutumiza kuno kuyambira m'chaka cha 1971, anakhala zaka ziwiri akuphunzitsa masamu pa sukulu ya sekondale yoyandikana ndi madrasa yathu. Pobwerera kwawo anatisiyira buku lopyapyala la zithunzi, natiuza kuti ana a kunyanja adzalimva ngakhale kuti pakati pathu palibe wodziwa kuwerenga Chijapani. Tinalilandira ndi manja awiri, tinathokoza, kenaka tinaliika pamwamba pa kabati pomwe linakhala miyezi ingapo likutuwa ndi fumbi. Mumtima tinkati: mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi, amene ngakhale ku Liwonde sanafikeko, apindulanji ndi msika wa ku Tokyo? Lero, titakhala nalo pamphasa pamodzi ndi magulu atatu a ana, tikuvomera kuti tinaliweruza tisanalitsekule. Tikufuna tsono tifotokoze chimene bukuli limachita bwino, pamene limaperewera, ndi mmene kholo kapena mphunzitsi angaliwerengere ndi ana aang'ono.

Dzina la bukuli ndi Tsukiji Shijō, kutanthauza Msika wa Tsukiji, ndipo mutu wake waung'ono umalonjeza kuonetsa tsiku limodzi la msika wa nsomba kudzera m'zithunzi. Analemba ndi kujambula ndi Morinaga Yō, wobadwira ku Tokyo mu 1966, mmisiri amene amadziwika ndi kupita yekha pamalo a ntchito, kuyang'anitsitsa, ndi kujambula zimene waona pamodzi ndi timawu tofotokozera. Linasindikizidwa mu 2015 ndi kampani ya Komine Shoten, ndipo mu 2016 linalandira mphoto yaikulu ya Sankei ya mabuku a ana, imodzi mwa mphoto zolemekezeka m'dzikolo.

Kuti timve chimene Morinaga anajambula, tiyambe tadziwa msika weniweniwo. Pamene Tokugawa Ieyasu anakhazikitsa ulamuliro wake mumzinda wa Edo, umene lero ndi Tokyo, asodzi ochokera kudera la Osaka anapatsidwa chilolezo chopha nsomba zopereka kulikulu lake, ndipo zotsala ankazigulitsa m'mbali mwa mlatho wa Nihonbashi. Izi zinali kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600. Msika wa pamlathowo unakhala zaka zoposa 300, mpaka chivomerezi chachikulu cha mu September 1923 ndi moto umene unatsatira zinauwononga. Amalonda anasamutsidwira ku Tsukiji, dera limene dzina lake limatanthauza mtunda wochita kukwirira pamene panali madzi, ndipo msika watsopano unatsekulidwa mu 1935. Nyumba zake zinamangidwa mokhota ngati uta kuti sitima zapamtunda zazitali zizitha kulowa ndi kutsitsa katundu. Pofika nthawi imene bukuli linkajambulidwa, malole anali atalowa kale m'malo mwa sitima, ndipo Tsukiji unali msika wa nsomba waukulu koposa padziko lonse: mahekitala oposa 20, mitundu ya zam'nyanja yoposa 400, ndi matani oposa 1,500 pa tsiku la malonda.

Bukuli si nthano. Limangotsatira maola monga amayendera pamsikapo: usiku malole akufika kuchokera m'madoko osiyanasiyana, katundu akutsitsidwa ndi kuyalidwa, ogula akuyendera nsomba imodziimodzi, okushoni ikuchitika m'bandakucha, kenaka nsomba zikulowa m'timasitolo ta amalonda apakati, komwe eni malo odyera ndi ogulitsa nsomba m'makwalala amadzagula kunja kutayera. Ntchito yaikulu imagwirika mzinda uli mtulo, ndipo pamene ena akudya nkhomaliro, kumsika akutsuka kale pansi. Mwana wa kunyanja dongosolo ili salidabwa. Amadziwa kuti nsomba ndi katundu wosadikira munthu, ndi kuti amene akufuna zabwino amafika padoko nthawi ya swala ya Subuhi isanathe.

Mphamvu ya bukuli ili m'kajambulidwe kake. Masiku ano mwana aliyense waonapo kanema pafoni, ndipo wina angafunse chifukwa chovutikira ndi zojambula pamanja pamene kamera ilipo. Yankho lake n'lakuti kamera imameza chilichonse chili patsogolo pake popanda kuchimvetsa, pamene wojambula pamanja sangalembe mzere wa chinthu chimene sanachione bwino. Kuti ajambule ngolo ayenera kudziwa pamene pali magudumu ndi mmene wokoka amaigwirira. Kuti ajambule mpeni ayenera kufunsa ntchito yake. Masamba a Morinaga ndi odzaza thothotho, koma chilichonse chili pamenepo chinadutsa m'maso mwa munthu amene anaima ndi kufunsa. Ndipo chimene anasankha kuyang'ana si nsomba zokha ayi, koma anthu ndi zipangizo zawo: majombo, ngowe, mabokosi oyera opepuka, ayezi, ndi kagalimoto kamene eni ake amakatcha tāre, kokhala ndi injini yooneka ngati mgolo kutsogolo ndi malo a katundu kumbuyo, woyendetsa ataimirira. Wonyamula katundu wajambulidwa mosamala mofanana ndi woitanira mitengo. Kwa ife, apa ndi pamene pagona ulemu wa bukuli.

Tinene chifukwa chake. Ana athu ambiri ndi a asodzi, a amayi oyanika usipa, a ogula ndi kugulitsa nsomba. Tikawafunsa ntchito ya makolo awo, mwana wa kalaliki amayankha mokweza, pamene mwana wa msodzi amayang'ana pansi. Mnyamata wina wa zaka zisanu ndi zitatu anatiyankha kuti, “Mwalimu, abambo anga sagwira ntchito, amangopita kunyanja.” Mawu amenewa sanawapeke yekha. Anawatola kwa ife akuluakulu, amene pofuna kulimbikitsa mwana sukulu timamuopseza kuti akapanda kulimbikira adzathera kukoka makoka ndi kununkha nsomba. Cholinga chathu chimakhala chabwino, pakuti tonse tikudziwa anyamata amene anasiya sukulu ali aang'ono chifukwa cha ndalama zapadoko. Koma mankhwala athuwo ali ndi ululu wake: mwana amakula akuchita manyazi ndi dzanja limene limamudyetsa. Ndiye pakabwera buku lochokera kudziko la magalimoto ndi makompyuta, limene linapatsidwa mphoto chifukwa chojambula anthu ovala majombo atagwira nsomba, mwanayo amaona chinthu chimene ife tinalephera kumuonetsa. Akuluakulu sananame ponena kuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Komabe kalumoko tinayamba takagwira molakwika. Ulendo woyamba tinaliwerenga monga tinazolowera kuphunzitsa: ife chiimire kutsogolo, buku m'manja, kutembenuza masamba ndi kufotokoza zimene mlendo uja anatiuza asanachoke. Pa mphindi khumi ndi zisanu tinali titamaliza, ndipo ana anali kuyasamula. Ife aphunzitsi a madrasa tinaleredwa m'maphunziro a khutu ndi lilime, kumva ndi kubwereza mpaka mawu akhazikike mumtima. Njira imeneyi ili ndi malo ake, ndipo sitikuinyoza. Koma bukuli limafuna diso, ndipo diso siliphunzira mothamangitsidwa. Ulendo wachiwiri unadza mwangozi. Mvula inatitsekereza pakhonde titaweruka, ndipo posowa chochita ndi ana asanu ndi awiri amene anatsala, tinayala buku pamphasa, tinatsekula tsamba limodzi, n'kukhala chete.

Chete ameneyo sanakhalitse. Wina anafunsa ngati Ajapani amayambira kumanja polemba monga Chiarabu, ndipo tinamuuza kuti amalemba m'njira ziwiri: chotsitsa, mizere ikuyambira kumanja, kapena chopingasa, kuyambira kumanzere monga Chichewa. Wina anati, “Mwalimu, bwanji onsewa avala majombo? Kodi kwawoko kwagwanso mvula?” Tisanatsekule pakamwa mnzake anamuyankha: “Iwe, si mvula imeneyo, ndi ayezi akusungunuka. Sunaone pamene pamaima galimoto zodzagula chambo?” Anayamba kuwerenga mabokosi, kutsutsana ngati munthu wina akukoka ngolo kapena akukankha, kufunafuna kagalimoto kaja pakona iliyonse. Mvula inakata iwo akadali patsamba lomwelo. Tsiku limenelo tinazindikira kuti kusadziwa kwathu Chijapani, kumene tinkakuyesa chopinga, ndiko kunatikakamiza kutseka pakamwa kuti ana aone okha. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo bukuli limaphunzitsa kudekha kumeneko kwa mwana ndi mphunzitsi yemwe.

Tsamba limene linabala zambiri ndi la nsomba zikuluzikulu za tuna, zimene Ajapani amati maguro, zitandandalikidwa pansi m'mizere kudikira okushoni. Nsomba imodzi yotere imatha kulemera makilogalamu oposa 200, kuposa amuna akuluakulu awiri. Mtsikana wina wa zaka zisanu ndi ziwiri anayang'anitsitsa nati, “Mwalimu, nsombazi michira yake yapita kuti?” Funso limeneli ndi khomo la msika wonse. Ku Tsukiji kunali makampani akuluakulu asanu ndi awiri amene ankalandira nsomba kuchokera kwa asodzi ndi kuzigulitsa pa okushoni, ndiponso amalonda apakati mazanamazana okhala ndi ziphaso, otchedwa nakaoroshi, amene ankagula, kucheka ndi kugulitsa kwa eni malo odyera. Malonda asanayambe, mchira wa tuna iliyonse umadulidwa kuti mnofu wam'kati uonekere. Wogula amabwera ndi tochi ndi ngowe, amaunika podulidwapo, amatapa kamnofu ndi kukafikisa pakati pa zala kuti adziwe kuchuluka kwa mafuta ndi maonekedwe ake. Zina mwa nsombazi zimafika zitaumitsidwa m'sitima pa madigiri 60 kunsi kwa ziro, zolimba ngati mwala, moti pamchirapo ndi pokhapo poonera. Belu likalira, mtengo umanenedwa ndi zizindikiro za zala, ndipo nsomba ya ndalama zambiri imapeza mwini m'kanthawi kochepa. Luso lodziwa nsomba poyang'ana Ajapani amalitcha mekiki, ndipo munthu amalipeza patapita zaka zambiri ali pantchito.

Titafotokoza izi, mtsikana uja anati, “Ndiye ali ngati amayi anga. Iwo amayang'ana m'maso mwa nsomba, kenaka amatsegula m'mbali mwa mutu kuti aone ngati muli mofiira.” Ananena monyadira, ndipo anzake anamumvera. Kenaka mnyamata wina anakumbutsa za ogulitsa ena amene amaika usipa wouma bwino pamwamba pa chidebe, wachinyezi uli pansi. Sitinafunike kulalikira. Tinangowakumbutsa nkhani imene anaimva kale, yopezeka mu Sahih Muslim, ya tsiku limene Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, anapisa dzanja mumulu wa chakudya pamsika, napeza kuti m'kati ndi monyowa, ndipo anadzudzula wogulitsayo chifukwa chosaika chonyowacho poonekera. Mchira wodulidwa uja ndi chinthu chomwecho chitasanduka lamulo la msika: cham'kati chionekere mtengo usanatchulidwe. Sitikunena kuti amalonda a ku Tokyo ndi oyera mtima kuposa athu. Tikunena kuti msika wawo unakonzedwa mwa njira yakuti chinyengo chikhale chovuta ndi chosapindulitsa, pakuti ogula ndi ogulitsa ndi omwewo m'mawa uliwonse, ndipo wonama lero mawa alibe womukhulupirira. Mwana amene waona zimenezi pachithunzi wamva kuti kukhulupirika si mawu a pamphasa ya madrasa pokha, koma ndi msana wa malonda aakulu.

Makolo ena atifunsa mafunso awiri amene ayenera kuyankhidwa poyera. Loyamba ndi la zithunzi za zamoyo. Ma ulama anasiyana maganizo pankhaniyi, koma ambiri amalola zithunzi zophunzitsira ana, potengera zidole zimene Mayi Aisha, Allah asangalale nawo, ankasewera nazo Mtumiki akuona. Ife tatsatira maganizo amenewa, ndipo banja limene latsatira ena tililemekeza. Lachiwiri ndi la zakudya. Pamsikapo pali zamoyo zimene ana athu sanazionepo, zina za mikono isanu ndi itatu, zina zaminga, zina za m'zigoba, ndipo funso loyamba la mwana wa madrasa limakhala lakuti kodi zimenezi ndi halali. M'madhhab a Imam Shafi'i, amene ambiri a ife kuno timatsatira, zamoyo zokhala m'madzi mokha ndi zololedwa, pamene a Hanafi amalola nsomba zokha. Ana atamva kuti tuna yambiri imadyedwa yosaphika, itadulidwa mopyapyala, anafuula monyansidwa. Apanso mpata unapezeka wowakumbutsa kuti Mtumiki sankanyoza chakudya: akachifuna ankadya, akapanda kuchifuna ankangochisiya. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo ena mwa ana amenewa adzadya m'nyumba za anthu a mitundu ina. Ndi bwino aphunzire ali pano kuti chachilendo sichisekedwa.

Tsopano tinene pamene bukuli limaperewera, pakuti kuyamikira kopanda muyeso sikuthandiza wowerenga. Choyamba, kudzaza kwa masamba kumene kumakondweretsa mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri kumasokoneza wa zaka zinayi. Ang'onoang'ono amene tinawayesa anasochera m'khamu la anthu ndi mabokosi, maso awo osapeza poima, ndipo anatopa msanga. Kwa iwo munthu wamkulu ayenera kuphimba mbali ya tsamba ndi dzanja n'kusiya chinthu chimodzi chokha, kaya nsomba, kaya kagalimoto. Komanso si buku loimika patsogolo pa kalasi ya ana makumi anayi. Zinthu zake ndi zing'onozing'ono, zofuna mitu isanu kapena isanu ndi umodzi itaweramira pamodzi. Ndipo ngakhale tanena kuti kusadziwa chinenero kunatithandiza, tisadzinamize: timawu tofotokozera tija ndi theka la ntchito ya Morinaga, ndipo theka limenelo kwa ife ndi lotsekeka.

Chachiwiri chinatulukira kwa mtsikana yemwe uja, amene anafunsa kuti, “Nanga amayi ali kuti?” Pamalo a okushoni ku Tsukiji pafupifupi onse anali amuna. Amayi ambiri ankagwira ntchito m'tizipinda tosungira ndalama ndi mabuku a malonda m'timasitolo ta amalonda apakati, ntchito yaikulu koma yosaonekera patali. Wojambula sangaimbidwe mlandu chifukwa chojambula zimene zinalipo. Koma mwana wa kwathu kuno, komwe kugula, kuyanika, kuwamba ndi kugulitsa nsomba kuli kwambiri m'manja mwa amayi, angathe kutengapo maganizo akuti malonda akakula amasanduka a amuna okha. Wowerenga naye ayenera kumuuza kuti umenewo unali mwambo wa msika umenewo, osati lamulo la malonda.

Chachitatu ndicho chachikulu. Bukuli ndi la tsiku limodzi, ndipo tsiku limodzi silingaonetse chimene chimaoneka pa zaka makumi atatu. Mwana akaona mizere ya nsomba yosatha, usiku uno ndi usiku wamawa, amaganiza kuti nyanja ndi nkhokwe yopanda pansi. Koma nthawi yomwe Morinaga ankajambula, tuna ya mtundu wa bluefin ya m'nyanja ya Pacific, yomwe ndi yamtengo wapatali koposa pamsikapo, inali pamavuto. Akatswiri atawerengera mu 2016 anapeza kuti nsomba zoswana za mtunduwu zinali zitatsala zosakwana 3 pa 100 zilizonse zimene zikanakhalapo pakanapanda usodzi. Mitengo nayo inkakopa: mu January 2013, pa okushoni yoyamba ya chaka ku Tsukiji, tuna imodzi ya makilogalamu 222 inagulidwa pa mayeni 155.4 miliyoni. Kuyambira mu 2015 mayiko opha nsombayi, kuphatikizapo Japan, anadula ndi theka kuchuluka kwa tuna zazing'ono, zosakwana makilogalamu 30, zimene amaloledwa kupha, ndipo kuwerengera kwa mu 2024 kunaonetsa kuti chiwerengero chija chadutsa 20 pa 100. Mbiri imeneyi, ya kuchepa ndi kubwereranso, msika wa m'mawa umodzi sungaifotokoze.

Pamenepa kholo la kunyanja lili ndi chowonjezera chimene kholo la ku Tokyo mwina lilibe. Ife tinaona ndi maso athu mmene chambo cha m'nyanja ya Malombe chinathera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Tikudziwanso za chilumba cha Mbenji ku Salima, komwe mfumu Makanjira ndi anthu ake amatseka usodzi nyengo ya dzinja chaka ndi chaka kuti nsomba ziswane. Titafika patsamba la tuna ulendo wachitatu, tinafunsa ana kuti, “Kodi nsomba zonsezi zikatengedwa usiku uliwonse, m'nyanjamo mutsala chiyani?” Anakhala kaye chete, kenaka wina anati agogo ake amanena kuti kale chambo chinali chakudya cha tsiku lililonse. Funso limenelo bukuli silinatifunsire. Tinachita kulibweretsa tokha, ndipo aliyense woliwerenga ndi ana ayenera kulibweretsa.

Pali chinthu china chimene nthawi yawonjezera pabukuli. Msika umene Morinaga anajambula kulibenso. Boma la Tokyo linakonza zousamutsira ku Toyosu, mtunda wa makilomita pafupifupi awiri, pamalo pamene kale panali fakitale ya gasi. Kusamukako kunayenera kuchitika mu November 2016, koma bwanamkubwa Koike Yuriko anakuimitsa chifukwa cha nkhawa ya mankhwala oipa m'nthaka ndi m'madzi a pansi pamalopo. Malonda otsiriza ku Tsukiji anachitika pa 6 October 2018, Toyosu unatsekulidwa pa 11 October, ndipo nyumba zokhota zija zinagwetsedwa. Kwatsala msika wakunja wokha, wa timasitolo ndi malo odyera. Choncho buku limene linatuluka monga chithunzi cha lero, patangopita zaka zitatu linasanduka mboni ya dzulo. Mwana wa ku Japan amene agogo ake anagwira ntchito ku Tsukiji angathe kutsekula tsamba ndi kuona pamene ankaima ndi chimene ankagwira m'manja, chifukwa munthu wina anaona kuti ntchito imeneyo ndi yoyenera kuijambula isanachoke.

Ife madoko athu akusinthanso maso athu akuona. Mabwato osema akuchepa, nyali zamafuta zikulowedwa m'malo ndi zamabatire, ndipo mayina a zipangizo zina atsala m'kamwa mwa okalamba okha. Sitinakumanepo ndi buku la ana la Chichewa kapena Chiyao limene limatsatira usipa kuchokera muukonde, kudutsa pathandala, kufika mumsika wa Limbe, mosamala ngati mmene Morinaga anatsatira tuna. Ana athu amawerenga za maapozi ndi chipale chofewa, koma ntchito imene imalipira yunifolomu yawo sanaionepo patsamba. Amene ali ndi luso lojambula pakati pathu, ndi amene ali ndi makina osindikizira, amve pempho limeneli.

Kwa kholo kapena mphunzitsi amene angapeze bukuli, kapena lina la mtundu wake, malangizo athu ndi ochepa. Musalimalize tsiku limodzi. Tsamba limodzi likukwana. Khalani pansi pamodzi ndi ana, buku lili pakati. Musayambe ndi kufotokoza; funsani kuti akuona chiyani, munthu uyu wagwira chiyani, chifukwa chiyani. Mwana akafunsa chimene simukuchidziwa, vomerani, pakuti nayenso aphunzirapo kuti wamkulu sachita manyazi kufunsa. Ndipo musaligwiritse ntchito pomuuza mwana kuti sukulu ilibe phindu popeza nsomba zili ndi ndalama. Masamba omwewo akuonetsa zosiyana: munthu aliyense pamsikapo akuwerenga manambala, akulemba, akuyeza, akusunga nthawi. Ulemu wa ntchito ya makolo ndi khama la kusukulu si adani.

Titatseka buku ndi gulu lotsiriza, tinagawa mapepala ndi mapensulo, n'kuuza ana kuti aliyense akajambule doko lathu monga aliona m'mawa, osasiya kanthu. Mnyamata uja amene anati abambo ake sagwira ntchito anabwera ndi pepala lodzaza mbali zonse: boti, mabwato, ukonde wa chilimira, ndi munthu mmodzi ali yekha m'bwato ndi nyali. Patapita masiku awiri bambo ake anafika pamadrasa, pepala lija lili m'manja. Tinaganiza kuti abwera kudzadandaula kuti tikutayitsa ana nthawi. Iwo anapereka salamu, nakhala pansi, nati, “Mwalimu, mwanayu wajambula bwino, koma walakwitsa malo a siginala. Akaima pamene wamuikapa, usipa wonse uthawa.” Tinawapempha kuti afotokozere ana onse. Anakhala pamphasa pafupifupi ola lathunthu, akulemba pamchenga ndi chala mmene nyali imakokera nsomba ndi mmene ukonde umazingira, mwana wawo ali pambali pawo akukonza chithunzi chake.